Za Nyumba za Makina a Thonje pa Blantyre wa ku Scotland

Ambiri a ife, pakumva dzina lakuti Blantyre, timaganiza msanga za mzinda wokhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndi za kachisi wa njerwa amene David Clement Scott anammanga pamodzi ndi anthu a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891. Koma dzinali nlobwereka. Mwini wache ndiye mudzi wa ku Scotland, m'dera la Lanarkshire, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ngati mamailosi 8 kuchokera ku mzinda waukulu wa Glasgow. Pamene Henry Henderson anasankha malo a Misyoni m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, malowo anatchedwa dzina la mudzi uja, pakuti ndiko kunabadwira Dr. David Livingstone.

Ife alaliki ndi aphunzitsi, pokamba mbiri ya munthu ameneyu, kawirikawiri timayambira pa ulendo wache wa pa Zambezi ndi pa Shire, monga ngati anaphuka m'bwato ali wamkulu kale. Tsono pano tifuna kubwerera m'mbuyo, kuti tione nyumba zimene zinamlera: amene anazimanga, mamangidwe ache, nchito yochitika m'katimo, kugwa kwache, ndi chifukwa chache imodzi ya izo inapulumuka pamene zinzache zinagumulidwa.

Chiyambi cha zonsezi ndi madzi. Kale ku Ulaya anthu anali kupota thonje ndi manja m'nyumba zao, monga anachitira makolo athu ndi kanjinga kao kopotera. Koma m'chaka cha 1769 Mngelezi wina dzina lache Richard Arkwright analembetsa makina opota maulusi ambiri nthawi imodzi, ndipo makinawo, pokhala olemera, anafuna mphamvu yoposa ya dzanja la munthu. Chifukwa chache eni chuma anayamba kuyendayenda m'mitsinje kufunafuna pamene madzi athamanga. Mmodzi wa iwo ndiye David Dale wa ku Glasgow, munthu amene anaweta ng'ombe ali mwana, naphunzira kuomba nsalu ku Paisley, nalemera pa malonda a ulusi. Ndiponso anali mlaliki wosalandira malipiro m'kampingo kena kodziimira pa kokha. M'chaka cha 1785 iye anayamba kumanga makina pa malo awiri a mtsinje wa Clyde: kumtunda pa New Lanark, ndi kunsi pa Blantyre, kumene anagwirizana ndi banja la Monteith. M'chaka cha 1792 James Monteith anagula nchito yonse ya pa Blantyre, ndipo pambuyo pache inakhala m'manja mwa mbale wache Henry Monteith, amene dzina lache linakhala pa kampaniyo kufikira chimaliziro.

Amisiri anapingasa khoma la miyala pamtsinje kuti madzi akwere, nakumba ngalande yowapatutsa, ndipo madziwo anagwera pa magudumu akulu ndi kuwazunguza. Kuchokera pa gudumu, mphamvu inayenda m'mitanda yachitsulo ndi m'malamba achikopa kufikira makina onse. Tikazindikira ichi tazindikira mamangidwe onse a nyumba zotere. Zinali zazitali, zosanjikizana kangapo, pakuti mtanda wozungulira ukatalika kwambiri mphamvu itayika panjira, ndipo nkwapafupi kukweza makina pamwamba pa anzache kusiyana ndi kuwayala kutali. Zinali zopapatiza, ndi mazenera ambiri ondandalika m'mizere mbali zonse ziwiri, chifukwa masiku amenewo kunalibe magetsi, ndipo wopota ayenera kuona ulusi wochepa ngati tsitsi. Zokongoletsa panalibe. Mwini chuma sanalipire mwala umene sunagwire nchito. Ndipo kukoma kumene anthu akuona lero m'nyumba zotere kumene zidatsala ndiko kukoma kwa nkhokwe yolukidwa bwino, imene woluka sanaganize za kukoma konse. Mdani wao wamkulu anali moto, pakuti pansi pa matabwa onyowa ndi mafuta, fumbi la thonje ndi nyali ndizo nkhuni zokonzeratu. Pa New Lanark nyumba yoyamba inapsa m'chaka cha 1788, ndi ina m'chaka cha 1819.

Makina anapezeka, madzi anapezeka, koma anthu anasowa. Alimi a m'deralo sanakonde kutsekeredwa m'nyumba tsiku lonse ndi kulamulidwa ndi belu. Kotero kampani inalandira osauka ochokera kutali, makamaka a ku mapiri ndi ku zisumbu za kumpoto, kumene minda inali yosabala ndipo eni nthaka analikukweza msonkho. Mwa iwo munali Neil Livingstone wa pa chisumbu cha Ulva, wolankhula Chigaelic, amene anafika ndi banja lache m'chaka cha 1792. Ameneyu ndiye agogo ache a David. Ndipo kampani inamkhulupirira kotero kuti inali kumtuma kukatenga ndalama za malipiro ku Glasgow. Anthu obwera chotere alibe pogona, tsono kampani inamanga mudzi wathunthu: nyumba, sitolo ndi sukulu. Iye amene akulemba nchito ndiye mwini nyumba yako, ndiyenso mwini sukulu ya mwana wako. Akulu a ife amene anagwira nchito m'minda ya tiyi ndi ya fodya, kapena m'migodi ya ku Harare ndi ku Joni, adziwa okha kulemera kwache kwa makhalidwe otere, kuti tsiku lakutha nchito ndilo tsiku lakutha denga.

Imodzi ya nyumba zogona za mudziwo ndiyo Shuttle Row, yomangidwa m'zaka zoyamba za makinawo. Dzina lache lichokera ku kachipangizo konga kabwato kamene kanyamula ulusi uku ndi uku pakati pa nsalu poomba. Ndi nyumba ya miyala yosanjikizana katatu, ya denga la miyala yopyapyala, ndipo makoma ache anakulungidwa kunja ndi laimu wosakaniza ndi timiyala, monga amachitira ku Scotland potchinjiriza mvula ya mphepo. Chimene mlendo ayamba kuona ndicho nsanja zozungulira zomamatira ku khoma. M'kati mwache muli makwerero opota ngati chigoba cha nkhono. Amisiri anaika makwerero kunja chotero kuti asadye malo a zipinda, ndipo chinthu chimene chinachitidwa pofuna kusunga ndalama ndicho chimene chapatsa nyumbayo nkhope yache.

M'nyumba imeneyi munali mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi, cha mapazi ngati 14 m'litali ndi 10 m'lifupi. Tiyese ndi mapazi athu pabwalo la sukulu, tione kuchepa kwache. M'chipindamo ndimo mophikira, modyera, mochapira, mogona, mobadwira ana ndi mofera okalamba. M'khoma munali mapanga awiri a makama, ndi kunsi kwa kama kunali kakama kena kotulutsa usiku kuti ana agonepo, ndi kukabwezanso m'mawa. Madzi munalibe, akazi ndi ana anali kutunga panja ndi kukwera nao pa makwerero opota aja, ndi makala a moto momwemonso. Ife tikamva za dziko la Azungu timaganiza za nyumba za zipinda zambiri; koma banja la kwathu lokhala ndi nyumba, khitchini yache padera, gowelo la anyamata ndi bwalo lochezera, linali ndi malo oposa a anthu amenewa.

Mwana wa Neil wa ku Ulva, dzina lachenso Neil, anaphunzira kusoka zobvala kwa telala wa pamudzipo, David Hunter, nakwatira mwana wache wamkazi Agnes. Pambuyo pache anasiya singano, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi, nagawa timabuku ta Mau a Mulungu poyendapo. Mwana wao wachiwiri, David, anabadwa pa 19 March 1813 m'chipinda cha pamwamba m'Shuttle Row. Ana onse anali 7, koma awiri anamwalira ali makanda.

Pofika zaka 10 mnyamatayo analowa m'makina monga ana ena onse a pamudzipo. Nchito yache inali kulumikiza maulusi oduka. Makina opotera anali kupita ndi kubwera, maulusi mazana alikutambasuka. Ulusi ukaduka, mwana athamange, augwire, aulumikize ndi zala makina osaima, ndipo nthawi zina akwawe kunsi kwache. Akachedwa, ulusi uonongeka ndipo wopota wamkulu, amene malipiro ache anayesedwa ndi kuchuluka kwa ulusi, sanali kuleza mtima. M'katimo munali kutentha ndi chinyontho dala, pakuti thonje liduka msanga pozizira. Belu linalira 6 koloko m'mawa, ndipo anaweruka 8 koloko usiku, kupatula nthawi ya kadzutsa ndi ya chakudya cha masana. Ataweruka, amene anali nayo mphamvu yotsala anapita ku sukulu ya kampani kufikira 10 koloko. Iye mwini analemba kuti ndi gawo la malipiro a sabata lache loyamba anagula buku la Ruddiman lophunzitsa Chilatini, ndi kuti anali kuika buku pa makina, nawerenga mau pang'ono nthawi iliyonse popita ndi pobwera. Nkhani imeneyi timaikonda, ndipo timaiuza ana athu a sukulu. Koma tisaiwale kuti pa mwana mmodzi amene anawerenga Chilatini panali ana mazana amene anangogona ndi kutopa, natuluka m'makinamo ndi miyendo yokhota ndi chifuwa. Lamulo la 1833, loletsa kulemba ana osafika zaka 9 ndi kuchepetsa maora a osafika zaka 13, linadza David atakula kale. Pa zaka 19 anakwezedwa kukhala wopota, ndipo ndi malipiro amenewo anayamba maphunziro a mankhwala pa Anderson's College ku Glasgow m'chaka cha 1836, nabwerera ku makina nyengo yopuma kuti apeze ndalama za chaka chotsatira. Anachoka ku Britain kumapeto kwa 1840, wotumidwa ndi London Missionary Society.

Pali funso limene makoma a Blantyre atifunsa, ndipo sitiyenera kulilambalala. Thonje silimera ku Scotland. Nanga lija mnyamatayo analumikiza linachokera kuti? Linadza m'zombo kuchokera ku zisumbu za West Indies ndi ku America, ndipo amene analilima ndi kulitola anali akapolo, ana a Africa. Boma la Britain linaletsa malonda a akapolo m'chaka cha 1807, ndipo linaika lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ache m'chaka cha 1833. Koma ku United States ukapolo unakhalabe kufikira 1865, ndipo makina a Britain anadya thonje lao zaka zonsezo. Ndiko kunena kuti ndalama zimene zinamanga Shuttle Row, ndi zimene zinaphunzitsa mdani wamkulu wa malonda a akapolo, zinali ndi thukuta la akapolo m'kati mwache. Livingstone sanali wosadziwa ichi. Pamene anakwera Shire m'chaka cha 1859 anayang'ana minda ya Amang'anja ndi maso a munthu wopota: anasiyanitsa thonje manga ndi thonje kaja, naona amuna alikupota ndi kuomba m'midzi, nayembekeza kuti thonje lolimidwa ndi mfulu m'chigwa chimenechi likafika ku makina a kwao, msika wa thonje la akapolo udzagwa, ndipo mafumu adzaleka kugulitsa anthu. Chiyembekezo chimenecho sichinachitike monga iye anaganizira. Mathithi a Shire, malungo, nkhondo ndi njala ya 1862 zinachitchinga, ndipo Boma linaitanitsa ulendowo m'chaka cha 1863. Koma sitingathe kumvetsa chifukwa chache mlaliki analankhula za thonje kosaleka ngati sitinaone nyumba imene anakuliramo.

Kupota sikunali nchito yokha ya pa Blantyre. Anaonjezapo kuomba nsalu ndi makina, ndi kunyika ulusi m'utoto wofiira wotchedwa Turkey red, umene David Dale ndi George Macintosh anaubweretsa ku Glasgow m'chaka cha 1785 mwa mmisiri wa ku France, Papillon. Utotowu unachokera ku mizu ya kamtengo kotchedwa madder, ndipo nsalu inayenera kunyikidwa kambirimbiri m'mafuta ndi m'zinthu zina zonunkha, pamodzi ndi ndowe za nkhosa ndi mwazi wa ng'ombe, masabata angapo. Koma ikatha siinasuluke ndi dzuwa kapena ndi kuchapa. Mipango yofiira ya a Monteith inatchuka, nigulidwa m'maiko akutali.

Kugwa kwa makinawo kunadza pang'onopang'ono. Nkhondo ya ku America ya 1861 kufikira 1865 inatseka njira ya thonje. Makina a ku Lancashire, atsopano ndi oyenda ndi nthunzi, anapota motsika mtengo. Akatswiri a mankhwala anapeza njira yopanga utoto wofiira wopanda mizu m'zaka za 1868 ndi 1869. Ndipo eni chuma a ku Glasgow anaona kuti phindu lili m'malasha, m'chitsulo ndi m'zombo. Blantyre anasanduka mudzi wa migodi ya malasha. Ndipo pa 22 October 1877, Misyoni ya Blantyre wa kuno itangotha chaka chimodzi, mgodi unaphulika nupha amuna ndi anyamata oposa 200, ngozi yaikulu koposa m'migodi yonse ya Scotland. M'chaka cha 1904 kampani ya Monteith inatha. Nyumba zazitali za makina zinagumulidwa, ndi mizere yambiri ya nyumba zogona inatsata.

Shuttle Row inatsala, koma yonyansa ndi yodontha, yokhalamo osauka amene analibe kwina kopita. Ndipo m'zaka za m'ma 1920 akulu a boma anaiweruza kuti siyeneranso kukhalamo anthu. Ikadagwa chaka chimenecho palibe akadadabwa. Pamenepo anauka Mbusa James I. Macnair ndi anzache, napempha mipingo ndi anthu a Scotland kuti agule malowo. Nthawi inali yoipa, nchito zitasowa, ndipo gawo lokumbukika la ndalamazo linachokera ku timakobiri ta ana a Sande Sukulu. Wokonza mamangidwe anali Frank Mears. Nzeru yache inali yakuti kunja kwa nyumba kukhale monga kunaliri, ndi nsanja zache ndi makoma ache oyera, ndipo chipinda chobadwiramo chibwezedwe m'maonekedwe ache akale. Koma zipinda zina anazibowola ndi kuzilumikiza kuti alendo adziyenda m'menemo ndi kuona mbiri yonse mwa dongosolo. Mmisiri wosema, Pilkington Jackson, anapanga zithunzi zoumba za moyo wa Livingstone, zoikidwa m'malo amdima ndi kuunikiridwa chimodzi chimodzi. Pa 5 October 1929 nyumbayo inatsegulidwa ndi Duchess wa York, amene mwana wache pambuyo pache anakhala Mfumukazi Elizabeth II.

Tiyamika nchito imeneyo, koma tinene zoona: nyumbayi siinasungidwe chifukwa cha mamangidwe ache, kapena chifukwa cha anthu opota. Inasungidwa chifukwa cha mwana mmodzi wobadwira m'chipinda chimodzi. Kuti apange njira ya alendo, makoma a mabanja ena anachotsedwa, ndipo mbiri ya mabanja 23 aja inalowa m'mthunzi wa banja limodzi. Pa New Lanark zinayenda mwina. Kumeneko Robert Owen, mkamwini wa David Dale, anatchukitsa mudziwo ndi sukulu zache ndi kusamala kwache anchito. Makina anagwira nchito kufikira 1968, ndipo ngakhale nyumba zinayamba kuonongeka, anthu anazikonza zonse pamodzi, makina, ngalande, sukulu ndi nyumba zogona, kotero kuti m'chaka cha 2001 bungwe la UNESCO linauwerenga m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Wofuna kuona ndi maso ache m'mene Blantyre anaonekera pa ubwana wa Livingstone ayenera kukwera mtsinje ndi kukaona New Lanark.

Mthunzi womwewo unaphimbanso anthu a kuno. Zaka zambiri nyumbayo inaonetsa Mzungu mmodzi woyenda yekha m'Africa, ndi anthu akuda monga onyamula katundu kapena omangidwa m'magoli. Koma tidziwa kuti pamene iye anamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, anali Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzao amene anakwirira mtima wache pansi pa mtengo, naumika thupi, nalinyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo; popanda iwo manda a ku Westminster Abbey a 1874 sakadakhalako. M'mwezi wa March 2013, pokumbukira zaka 200 za kubadwa kwache, Pulezidenti Joyce Banda anakacheza pa nyumbayo. Pambuyo pache inatsekedwa kuti ikonzedwenso, pa mtengo woposa mapaundi 9 miliyoni, ndipo inatsegulidwa m'mwezi wa July 2021 ndi dzina lakuti David Livingstone Birthplace. M'makonzedwe atsopanowa maina a Aafrika amene anamtsogolera, kummasulira mau ndi kumdyetsa analembedwa poyera, pamodzi ndi a mkazi wache Mary Moffat, amene manda ache ali ku Shupanga pa Zambezi. Ndipo nkhani ya kumene thonje linachokera siinabisikenso.

Boma la Scotland linaika Shuttle Row m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa, zimene munthu sangazisinthe popanda chilolezo. Pabwalo pache pali chifanizo cha mkuwa cha mkango ulikugwira Livingstone paphewa, monga zinachitikira ku Mabotsa m'chaka cha 1844. Anachilinganiza ndi Ray Harryhausen, amene mkazi wache anali mdzukulutubvi wa Livingstone, ndipo chinaimikidwa m'chaka cha 2004. Pamene panali makina pali udzu, mitengo ndi nyumba za masiku ano. Koma mlendo akatsikira ku mtsinje adzapeza khoma lopingasa madzi likadalipo, ndipo madzi a Clyde ogwa pamenepo tsopano azunguza makina ang'ono opanga magetsi.